Kodi nyumba imeneyi anamanga ndani?



Ambiri a ife tinakwerapo chapa kuchoka ku Metangula kupita ku Lichinga. Kumeneko kuli chinyumba cha maofesi a boma la Niassa, chomwe kale ankachitcha Palácio das Repartições. Chinamangidwa cha m'ma 1960, tauniyi ikadali Vila Cabral, m'kamangidwe katsopano ka nthawi imeneyo: konkire yambiri, mizere yowongoka, popanda zokongoletsa.

Pulani yake anajambula anthu awiri, João José Tinoco ndi mkazi wake Maria Carlota Quintanilha. Mayiyu anabadwira ku Portugal mu 1923, nkumaliza sukulu yojambula nyumba ku Porto mu 1953. Sanali wongonolera bambo pensulo ayi, anali mmisiri payekha. Koma kwa zaka zambiri lotchuka linali dzina la bamboyo. Ofufuza mbiri ndi amene anadzafukula la mayiyo, atakalamba kale.

Nditamva nkhaniyi ndinachita manyazi. Nyumba yanga anthu amati "kwa bambo uje". Komatu madzi oumbira njerwa anatunga kunyanja ndi mayi a kunyumba. Udzu anamweta ndi iwo, kuzira pansi ndi kutsutsuta makoma ndi iwonso. Ngakhale koloza khomo, kuti mwera usamalowe m'nyumba, anasankha ndi iwo. Ine ndinangoimika njerwa ndi kufolera.

Vuto lake limadzaoneka bambo akamwalira. Achibale amabwera nkumati nyumba ndi ya m'bale wathu, mayi atuluke.

Ndiye abambo anzanga, mlendo akayamikira nyumba, tizinena tikadali moyo kuti tinamanga awiri. Ana amve, amfumu amvenso.