Mau a pa Chikondwerero cha Mua: Za Mtondo, Ng'oma ndi Belu



Munthu akakhala kutali, ku migodi ya ku Joni kapena ku Harare, mtima wache ulakalaka mau a kwao: kugunda kwa munsi mu mtondo m'mamawa, nyimbo za amai posinja, ndi mbalule yolira usiku kutsidya kwa Nadzipokwe.

Chiyambire 1902, pamene ansembe oyamba anafika kuno, belu la tchalitchi ndi ng'oma za kudambwe zinakhala zaka zambiri zosamvana. Ichi sitibisa ai. Koma m'chaka cha 1976 Bambo Claude Boucher anatsegula KuNgoni, ndipo amisiri a nsompho anasema oyera mtima ndi nkhope za anthu a kuno.

Tsopano chotidetsa nkhawa nachi: chigayo chatontholetsa mtondo, ndipo ana athu akazi ambiri sadziwanso nyimbo zija zimene agogo ao anadandaulira nazo mabvuto a m'banja. Chosema chisungika m'nyumba, mibadwo nichipeza. Koma nyimbo isungika pakamwa pokha, ndipo mwini wache akagona, nayonso yagona.

Chifukwa chache tikupemphani, inu amai akulu: aimbireni adzukulu anu dzuwa lisanalowe.