Mpando wa Mafumu Umene Unachotsedwa



Munthu wa kuno akalandidwa dimba, kapena maliro akagwa pakati pa usiku, sathamangira ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Amagogoda kwa nyakwawa. Mfumu ndiyo imapereka manda, imaweruza za malire a minda, imasunga mzinda ndi dambwe. Komatu wofufuza m'malamulo aakulu oyendetsera dziko lino kuti aone pamene mfumuyo yakhala pokonza malamulo, sapezapo mpando wake.

Mpandowo unalipo. Malamulo aakulu a 1994, amene analembedwa dziko litangochoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, anakonza nyumba ziwiri: ya aphungu, ndi ina yotchedwa Seneti, ya anthu 80. Boma lililonse linayenera kutumizako mfumu imodzi, yosankhidwa ndi mafumu anzake a m'bomalo. Ndiye kuti Dowa akanatumiza mmodzi pakati pa Kayembe, Dzoole, Msakambewa, Chakhaza, Chiwere ndi anzawo. Ntchisi nayenso akanasankha pakati pa Kalumo, Nthondo, Kasakula ndi ena. Nyumbayo inali ndi mphamvu younika lamulo lochokera kwa aphungu ndi kulibweza ngati lili ndi chilema. Koma sinakumanepo ngakhale tsiku limodzi. Poyamba anaichedwetsa, ndipo mu 2001 aphungu anaifafaniza m'malamulo. Ena anati ikanadya ndalama zambiri. Chodabwitsa n'chakuti amene anaichotsa ndi omwewo amene nyumbayo ikanamawayang'anira.

Chatsala n'chiyani? Ndime 26 imapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula chiyankhulo chake ndi kutsata chikhalidwe chimene wasankha. Ndi ndime yabwino, ndipo Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, amavinidwa mumthunzi wake. Koma ufulu wovina si ufulu wolankhulapo pa lamulo la malo. Ku khonsolo mfumu imakhala nawo pa zokambirana, koma lamulo la maboma aang'ono la 1998 silinaipatse voti. Ndipo ufumu weniweniwo ukuyendabe pa lamulo la mafumu la 1967, limene limapatsa Pulezidenti mphamvu yovomereza mfumu ndi yoichotsa. Kwa Achewa, mfumu imachokera ku mbumba; amayi a banja lachifumu ndiwo amaloza mwana wa mlongo woyenera kulowa dzina. Chikalata cha boma chimangobwera pambuyo. Lamuloli linatembenuza zinthu, moti chikalata chikuoneka cholemera kuposa mawu a ntchembere.

Amene amapita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kukaperekeza mitulo kwa Kalonga Gawa Undi, amadziwa kuti tsidya ilo zinthu zili mwina. Malamulo aakulu a Zambia ali ndi nyumba ya mafumu, yokhala ndi mafumu asanu kuchokera m'chigawo chilichonse, ndipo ntchito yake ndi kulangiza boma pa za miyambo. Botswana ali ndi Ntlo ya Dikgosi, ndipo South Africa anapatula mutu wathunthu wa malamulo ake aakulu wonena za atsogoleri a makolo. Nyumba zimenezi si zamphamvu kwambiri, kawirikawiri zimangolangiza. Komabe mfumu ya Achewa ya ku Katete ikhoza kusankhidwa kukalankhula m'nyumba yozindikirika ndi malamulo, pamene mnzake wa ku Dowa amadikira kuitanidwa.

Otsutsa ali ndi mfundo yosafunika kuipeputsa, ndipo Agogo Chalo akhululuke poimva pa bwalo lawo lomwe. Anthu aona mafumu ena akuimirira pa misonkhano ya zipani n'kumauza anthu awo wovotera. Aona kukwezedwa kwa mafumu kukuchuluka chisankho chikayandikira. Mfumu imene mswahala wake ndi udindo wake zili m'manja mwa wolamula, ingakane bwanji lamulo limene wolamulayo akulifuna? Kubwezeretsa Seneti osakhudza lamulo la 1967 kungangowonjezera manja oombera boma.

N'chifukwa chake pempho lopita kwa aphungu a Dowa ndi Ntchisi amene ali pano lili pawiri. Akatsegulenso nkhani ya mpando wa mafumu m'malamulo aakulu, ndipo akaunike lamulo la 1967, kuti mfumu ikalakwa, mbumba imene inailonga ndi makhothi ndiwo aziiweruza.