Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsanzikana ndi Ophunzira a Psychology



Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, tinatumiza ufa, mabulangete ndi malata. Koma mayi wa ku Chilobwe amene mpaka lero amadzidzimuka mvula ikayamba kugunda padenga, tinamupatsa chiyani? Anthu ophunzira mozama za maganizo a munthu ndi ochepa kwambiri m'dziko muno. Chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu sizingasenze zokha mtolo wonsewu.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mupitirize maphunziro mpaka PhD. Ndikudziwa, ena mwanena kale mumtima kuti PhD ndi ya ana a anthu olemera. Ayi ndithu. Sikolashipu ya Commonwealth imalipira fizi ku Britain, tikiti ya ndege ndi ndalama yodyera mwezi ndi mwezi, koma ukamaliza uyenera kubwerera kwanu. DAAD ya ku Germany nayo imathandiza. CARTA, yomwe ili ndi maofesi ku Nairobi, imathandiza aphunzitsi achinyamata a m'mayunivesite kuchita PhD konkuno ku Africa. AMARI, yomwe inayamba ndi thandizo la Wellcome Trust, yasula akatswiri a matenda a maganizo ku Malawi, Zimbabwe, Ethiopia ndi South Africa.

Koma ndalamazi zimatsata funso. Taonani dokotala Dixon Chibanda wa ku Harare. Mtsikana amene ankamuthandiza anadzipha atasowa ndalama ya basi yopitira kuchipatala. Dokotalayo anadzifunsa: nanga thandizo likanakhala pafupi ndi kwawo? Anaphunzitsa agogo aakazi uphungu, n'kuwakhazika pa mabenchi panja pa zipatala zing'onozing'ono za ku Mbare, kuti azimvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Kafukufuku wake atatuluka mu 2016, zinaoneka kuti agogowo amachepetsadi nkhawa za anthu. Lero ntchitoyi, yotchedwa Friendship Bench, yafika m'maiko ambiri, kuphatikizapo kwathu kuno.

Ndiye funso lanu musakalifune kutali. Chifukwa chiyani abambo athu amasunga ngongole ndi mavuto a m'banja mumtima mpaka kudzimangirira? Mayi wongobereka kumene akamangolira, apongozi n'kumati ndi ulesi, mzamba angazindikire bwanji kuti ndi matenda?

Lembani funsolo m'masamba awiri. Pezani pulofesa amene wafufuzapo zofanana nazo, werengani zimene analemba, kenaka mumulembere kalata yaifupi yaulemu. Ambiri sadzayankha, lemberani wina. Aphunzitsi anu apempheni makalata aumboni nthawi ikadalipo, osati kutatsala tsiku limodzi. Ndipo inu aphunzitsi, chonde, mwana akabwera ndi pempho lotere musamuuze kuti abwere mawa, chifukwa tsiku lotsekera mafomu silidikira munthu.

Makolo, mwana akakuuzani kuti akufuna zaka zina zitatu kapena zinayi za sukulu, musafulumire kumufunsa za ukwati. Mufunseni chimene akufuna kukafufuza.