NTHAMBO YA COAXIAL NDI MALAMULO ACE

(Mau okambidwa kwa aphunzitsi a ku Kitwe ndi ku Ndola)

Mwana ali yense wa ku Kitwe amaudziwa mkuwa, pakuti mgodi wa Nkana uli pakhomo pace. Koma ndi owerengeka amene anauzidwa nchito zimene mkuwawo umagwira ukacoka kuno. Imodzi mwa izo ndiyo kulumikiza makompyuta kuti azitumizirana mau.

Nthambo yochedwa coaxial iri ndi waya wa mkuwa pakati, wokutidwa ndi pulasitiki, ndipo kunja kwace kuli ukonde wa timawaya toteteza mauwo. Mu 1985 bungwe la IEEE linakhazikitsa malamulo a nthambo yaing'ono ya mtunduwu, yochedwa 10BASE2. Makompyuta onse anali kudalira nthambo imodzi, monga midzi ya m'mbali mwa mseu umodzi.

Lamulo loyamba linali la muyeso. Nthambo isapitirire mamita 185, makompyuta asacuruke koposa 30, ndipo atalikirane theka la mita kapena kuposapo. Nthambo yaikuru ya 10BASE5 inali kufika mamita 500.

Laciwiri linali la columikizira. Dzina lace ndi BNC, ndipo ciri ndi maonekedwe a lemba T. Mwendo wace ulowe pa kompyuta penipeni, popanda kanthambo kena pakati.

Lacitatu ndilo linali kuiwalika kawirikawiri: nsonga zonse ziwiri zitsekedwe ndi cotsekera ca ma ohm 50. Popanda ico, mau akafika kumapeto amabwerera monga liu m'phanga, nasokoneza amene alikudza.

Lacinai linali lakuti ukonde uja ulumikizidwe ndi nthaka pa malo amodzi okha. Akaulumikiza pawiri, magetsi osafunika amayamba kuyendamo.

Panalinso yesero. Nthambo ya wailesi ya kanema imafanana nayo ndithu, koma iyo ndi ya ma ohm 75. Munthu wofuna kupulumutsa ndalama akalumikizako cidutswa cotere, makina anali kugwira nchito m'mawa ndi kukana madzulo, ndipo cifukwa cace cinali cobvuta kucipeza. Momwemonso columikizira cimodzi cikakhwefuka, cipinda conse cinali kuima. Akuru anati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Cifukwa ca zobvuta izi, kuyambira 1990 anthu anatsata njira ya 10BASE-T, imene kompyuta iri yonse iri ndi nthambo yaceyace. Lero coaxial yatsala makamaka pa wailesi ya kanema ndi pa makamera ena olondera nyumba. Cotero sukulu ikalandira mphatso ya makina akale, isataye ndalama za makolo pogula nthambo yotere. Koma mphunzitsi wa sayansi asunge cidutswa cace, acisende pamaso pa ana, kuti aone ndi maso ao kumene mkuwa wa kwao umapita.