Mpingo, Mbumba ndi Mpando wa Boma

(Mau amene analankhula mmodzi wa mamembala athu, kalaliki wa mu ofesi, pa msonkhano wa pacaka wa Bungwe.)

 Ndithokoza a Komiti pondipatsa mpata uwu, ngakhale ndiri mwana pakati pa imvi zoterezi. Ine sindine mbusa, sindinenso munthu wa ndale. Nchito yanga ndiyo kulandira makalata, kuwalemba m'buku, ndi kuwapereka kwa eni ace. Cotero ndikaphophonya, akuru mundikonze monga mwa mwambo.

Mutu umene ndapatsidwa ndi uwu: kodi cikhulupiriro ca munthu, ndi cikondi cace pa a m'banja lace, zimthandiza bwanji akakhala pa mpando wa Boma? Kwa ife a kuno funso limeneli siliri la m'mabuku ai, pakuti taliona ndi maso. Mwana wa dera lathu lomwe lino, Dr. Lazarus Chakwera wa ku Malembo, anakhala Pulezidenti wa Malawi kuyambira June 2020 kufikira October 2025. Tsopano popeza phokoso la cisankho latha, nkoyenera kuti tikhale pansi ndi kupenda, osati monga anthu a cipani ici kapena ico, pakuti Bungwe lathu liribe cipani, koma monga anthu a pamudzi akukambirana za mwana wao.

Mbiri yao ambiri muidziwa. Anabadwa m'caka ca 1955 m'banja la alimi. Ana awiri amene anawatsogolera anamwalira ali makanda, ndipo bambo wao anawacha Lazarus, pokhulupirira kuti uyu yekha adzapulumuka ku manda monga Lazaro wa ku Betaniya. Anaphunzira ku Mtendere, natsiriza ku University of Malawi m'caka ca 1977, ndipo caka comweco anakwatira Mai Monica. Anatsogolera mpingo wa Assemblies of God m'dziko muno kuyambira 1989 kufikira 2013. Pomwepo anatula pansi udindowo, nasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Malawi Congress Party, ndipo m'caka ca 2014 anakhala phungu wa Lilongwe North West. Pamene bwalo la milandu linathetsa cisankho ca 2019, pa 3 February 2020, anthu anaponyanso voti pa 23 June, ndipo iwo anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100 ali onse.

Ndikumbuka cimwemwe ca masiku amenewo. M'misika ndi m'maminibasi anthu analikunena kuti mbusa walowa ku State House, kuba kwatha. Inenso ndinali mmodzi wa onena zimenezi, ndipo sindicita manyazi kubvomera. Eni ace analonjeza utsogoleri wotumikira anthu, ndipo tinakhulupirira cifukwa ca guwa limene anacokerako.

Koma mwezi usanathe, cidandaulo coyamba cinamveka, ndipo cinali ca pa cibale. M'gulu la nduna limene anasankha mu July 2020 munali mwamuna ndi mkazi wace, a Sidik Mia ndi Mai Abida Mia. Munalinso munthu ndi mlongo wace, a Ken Kandodo ndi Mai Khumbize Kandodo Chiponda. Ku State House komwe, mkamwini wao wa a Pulezidenti anapatsidwa udindo waukuru wa kuwathandiza ndi kuwalankhulira. A Pulezidenti anayankha kuti anayang'ana luso la munthu, osati ubale wace. Kapena zinali zoona; ine sindikana kuti ena mwa anthuwa anali odziwa nchito. Koma kwathu kuno mkamwini amalandira khasu, salandira ndodo ya ufumu, ndipo anthu a m'zigawo zina, poona zimenezi, anayamba kunong'ona kuti Boma lasanduka mudzi wa anthu owerengeka.

Apa ndifuna kucedwapo pang'ono, Bambo Wapampando, pakuti ndiganiza kuti muzu wa nkhani uli m'mwambo wathu wa Acewa, umene ndi wabwino ndithu pamalo pace. Mwini mbumba sadya yekha. Alongo ace ndi ana a alongo ace ayang'ana kwa iye pa matenda, pa maliro, pa mlandu ndi pa ukwati. Ndipo iye amene apeza bwino ndi kuiwala mbumba yace timamuyesa munthu wopanda mwambo. Cibale ndi fupa, siciola. Tsono mwana woleredwa m'ciphunzitso cimeneci akalowa nchito ya Boma, alowa naco cikumbumtima comweco. Ndipo pothandiza mbale wace ndi zinthu za mu ofesi, mtima wace sumutsutsa, koma umuuza kuti wacita bwino. Apa mpamene pali msampha. Mbala idziwa kuti ikuba, koma wokondera mbale ayesa kuti akusunga mwambo. Malamulo Akuru a dziko lathu a 1994, pa ndime 12, anena momveka kuti mphamvu za Boma zicokera kwa anthu onse a Malawi, ndi kuti wozigwira angosungizidwa. Katundu wosungizidwa sagawira mbumba.

Ndikuuzeni zimene zinandigwera ine ndemwe, kuti musayese kuti ndingoloza cala akuru okha. Caka cina ku ofesi kumene ndigwira nchito kunapezeka malo a mesenjala, ndipo makalata ofunsira nchitoyo anadutsa m'manja mwanga. Tsiku lina madzulo anafika kunyumba kwanga atsibweni anga, amene anagulitsa ng'ombe yao kuti ine nditsirize Form 4. Titatha kudya anati, "Mwanawe, kalata ya mng'ono wako iri pa tebulo pako. Yafika mocedwa, koma cidindo ca tsiku ciri m'dzanja lako." Ine ndinagwada, ndinati, "Amalume, zonse zimene ndiri nazo ndi zanu, koma cidindo cija si canga." Anakhala cete nthawi yaitali, nanyamuka m'mamawa osatsazika. Panapita miyezi isanu ndi itatu asanandilankhulenso, ndipo pa maliro ena kumudzi ndinamva amai ena akuti, "Uyu sukulu inamcotsa umunthu." Sindinena izi modzitama. Usiku umene uja ndinatsala pang'ono kutembenuza cidindoco, ndipo kufikira lero ndikaona mng'ono wangayo akuyendetsa kabaza pa Nsaru, mtima umandipweteka. Tsono ngati kalaliki wa pa tebulo limodzi apsinjika cotere, nanga munthu amene ali ndi mphamvu ya kusankha nduna, akazembe ndi akuru a mabungwe onse a Boma? Ndipo amene amampsinja ndani? Ndi ife tomwe, a kwao. Ndife amene timakwera basi kukagogoda pa cipata ndi mau akuti ino ndi nthawi yathu.

Buku Lopatulika silibisa kuti anthu opembedza agwa pamenepa. Samueli anali mneneri wopanda banga, koma atakalamba anaika ana ace akhale oweruza ku Beereseba, ndipo iwo analandira ziphuphu, kufikira anthu anatopa napempha mfumu. Nehemiya ndiye anayenda njira yina: zaka 12 anali kazembe wa Yuda, koma iye ndi abale ace sanadye phoso limene kazembe anayenera kulandira, pakuti anaona kuti anthu alemedwa. Onse awiri anali oopa Mulungu. Anasiyana pa zimene analola a pa nyumba pao kucita.

Tsono za cikhulupiriro ca mtsogoleri ndinene cimodzi. Cikhulupiriro cisunga manja a mwini wace, koma sicisunga manja a onse amene agwira nchito pansi pace. Mbusa pa mpingo alangiza, apempherera, akhululukira. Ndipo wolapa abwezedwa pa mpando wace. Boma siliyenda motero: lifuna mabuku owerengedwa bwino, ndi cilango cosacedwa. Inu a ku Namitete muli mboni. M'mbanda kuca wa pa 6 December 2022, apolisi anagwira Mai Martha Chizuma, amene pa nthawiyo anali mkuru wa bungwe lolimbana ndi ziphuphu, nabwera nao ku polisi ya pa Namitete pompano. A Pulezidenti anati sanadziwitsidwe. Anakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo mu January 2023 anacotsa mkuru woimira Boma pa milandu. Koma anthu anatsala ndi funso lakuti, ngati mlonda wa nkhokwe agwidwa usiku mwini mudzi osadziwa, mudziwo aulamulira ndani? Caka comweco ca 2022 kunamveka kuti K750 miliyoni ya fetereza inalipidwa kwa kampani ya ku Britain imene malonda ace anali a nyama, ndipo nduna ya malimidwe inacotsedwa mu October. Ife alimi a fodya ndi cimanga, amene mu 2020 tinagula thumba la fetereza wa makuponi pa K4,495, nkhani imeneyi inatilasa pamtima. Ndipo odzudzula kolimba anali atsogoleri anzao a mipingo: mu February 2024 Maepiskopi a Katolika analemba kalata yodandaula kuti m'malo mwa dziko lolonjezedwa anthu afika ku Bagamoyo, dooko lija la ku Tanzania kumene kale anali kufikitsa akapolo.

Cilungamo cifuna kuti ndinenenso mbali yina. Zaka zimenezo zinali zowawa kwa mtsogoleri ali yense: mliri wa Covid-19, nkhondo ya ku Ukraine imene inakweza mtengo wa fetereza ndi mafuta, kolera, ndi namondwe Freddy wa mu March 2023 amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Anacotsanso a Ken Kandodo pa unduna mu April 2021 cifukwa ca ndalama za Covid-19, ngakhale anali munthu wa cipani cao.

Koma pamene ine ndinaona cikhulupiriro cao cikugwira nchito poyera ndi pa tsiku la kugwa kwao. Cisankho cinacitika pa 16 September 2025. Pa 24 September, bungwe loyendetsa zisankho lisanalengeze zotsatira, a Chakwera analankhula ku mtundu wonse kuti agonja, ndi kuti aimbira kale lamya Professor Peter Mutharika kuwafunira zabwino. Zotsatira zitaturuka, a Mutharika anali ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 ali onse, a Chakwera 33. Panali ena a cipani cao amene anadandaula za kawerengedwe ka mavoti, ndipo mau amodzi okha aukali akadayatsa moto m'misika ya Lilongwe, kumene ana athu agulitsa malonda. Mau amenewo sanaturuke. Pa 4 October mpando unaperekedwa mwamtendere. Pa tsiku lokhalo mbumba, cipani ndi ife a kwao tinafuna cina, ndipo iwo anapatsa dziko cimene linasankha.

Potsiriza, Bambo Wapampando, ndiri ndi pempho limodzi kwa msonkhano uno, ndipo ndipempha a Mlembi alilembe. Bungwe lathu liri ndi thumba la fizi ya ana osauka ndi thumba la maliro. Ndipempha kuti kuyambira caka cino, pamene Komiti ikambirana pempho la munthu, membala ali yense amene ali mbale wace, wa kucimuna kapena wa kucikazi, kapena wa mpingo umodzi naye amene anamlembera kalata yomcitira umboni, aturuke panja kufikira nkhaniyo itatha. Ndi kuti maina a olandira cithandizo awerengedwe pamaso pa tonse pa msonkhano wa pacaka. Mwana wa mlongo wanga ali pa mndandanda wa caka camawa, cotero woyamba kuturuka ndidzakhala ine.