Mwana Sasiya Sukulu Tsiku Limodzi

 Nkhani ndabwera nayo ndi imodzi: mwana akati sukulu yamukwana, tichite naye bwanji?

Mwana sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba kujomba tsiku la msika. Kenako sabata yonse yokumba kachewere. Mtsikana amabindikira m'nyumba masiku anayi mwezi uliwonse poti alibe chovalira akakhala kumwezi. Mnyamata wabwereza Sitandade 6 kawiri, mawu asintha, tiana tikumuseka m'kalasi. Madzulo akuona mnzake wa kabaza akuwerenga ndalama. Ife tikamadzamva zoti wawolokera ku Mozambique kukagwira ganyu kapena wathawira ku Joni, mtima wake unachoka kalekale.

Ndiye choyamba, mufunseni. Osati pagulu, osati ndi mkwapulo m'manja. Mayi, pitani naye kudimba, mukamathirira kabichi munene kuti, "Mwanawe, chakuvuta n'chiyani kusukuluko?" Mukatero khalani chete, ayankhule. Ngati akuchita nanu manyazi, itanani amalume ake kapena agogo. Kawirikawiri chimene chikumubweza ndi njala ya m'mawa, nsapato, sopo, kope, kapena munthu wina amene akumuvutitsa panjira.

Chachiwiri, musamutsutse kuti ndalama za ganyu si ndalama. Werengani naye limodzi. Ganyu wa kachewere amatha kukumba kukatha; nanga miyezi yotsalayo adzadya chiyani? Ngakhale mlimi afunika kuwerenga sikelo pa Lizulu kuti mavenda asamubere, ndi malangizo a pabotolo la mankhwala opopera.

Chachitatu, musalimbane nalo nokha vutoli. Pitani kwa ahedi sabata yomweyo, musadikire teremu ithe. Amayi a mother group ndi komiti ya sukulu alipo chifukwa cha zomwezi. Ngati pali nkhanza, imbani 116, ndi yaulere.

Chachinayi, mimba si mapeto a sukulu. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka. Funso likhale lakuti ndani adzalera khandalo iye ali kusukulu, osati adzamukwatira ndani. Ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa: lamulo la 2015 likutero, ndipo malamulo aakulu a dziko anakonzedwa mu 2017 kuti agwirizane nalo. Aneba athu ku Dedza, Inkosi Kachindamoto inathetsa maukwati a ana ambirimbiri, anawo n'kubwerera kusukulu. Mafumu athu, mphamvu yomweyo nanunso muli nayo.

Kuno ku Nzama ansembe a Montfort anafika mu 1901, ndipo makolo anu anadziwa sukulu madera ambiri asanaione. Mu 1994 pulayimale inakhala yaulere. Tsono zisatheke kuti mwana wa pano akasiyire panjira chifukwa cha kope, tonsefe tikuyang'ana.

Ntchito ndikukusiyirani nayi. Mfumu iliyonse, pamodzi ndi amayi awiri a mother group, ilembe ana a m'mudzi mwake amene ajomba masiku opitirira asanu mwezi uno. Mainawo musawalengeze pabwalo. Muwayendere khomo ndi khomo, mwaulemu. Tikadzakumananso tidzamve kuti angati abwerera, ndipo otsalawo chikuwagwira n'chiyani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Amene ali ndi funso aimike dzanja.