ZA MUDZI WATHU WA LIKUNI

Mau onenedwa pa msonkhano wa Jubile

 Akulu a chikondwerero chino adatipempha kuti tinene mau pang'ono za mudzi uno wa Likuni: chiyambi chache, makhalidwe ache, ndi zinthu zimene zithandiza anthu okhalamo. Za mapemphero ndi za kukula kwa mpingo anena ena otiposa nzeru. Ife tinena za nthaka imene tiiponda ndi mapazi athu, pakuti pali kanthu kamene katidetsa nkhawa, ndipo tifuna kuti tikalingalire pamodzi tisanabalalike.

Chiyambi chache

Ansembe a chipani cha White Fathers adayamba kufika m'dziko muno chaka cha 1889, nakhala kwa Mponda kumwera kwa nyanja. Koma nchito yao sidayende, ndipo adachokako mu 1891. Atabweranso mu 1902 adamanga ku Mua ndi ku Chiwamba, ndipo chaka chotsatira, cha 1903, a ku Chiwamba aja adasamukira kuno, pafupi ndi mtsinje wa Likuni umene uthira madzi ache m'Lilongwe. Sadafike pa thengo lopanda eni ai. Adapeza midzi ya Achewa, mafumu ao, minda yao ndi manda a makolo ao, ndipo ambiri a ife tili pano ndife zidzukulu za eni dziko amenewo.

Masiku amenewo Lilongwe adali kaboma kakang'ono, kokhala ndi nyumba za boma zowerengeka, ndi pambuyo pache masitolo a Amwenye. Likuni adali ndi dzina lache payekha. Ambuye Mathurin Guillemé, amene adatsogolera nchito yotsegula mamishoni oyamba aja nakhala episkopi kuyambira 1911, adatsiriza moyo wao kuno mu 1942. Mu 1951 chigawo chonse cha mpingo cha dera lino chidatchedwa ndi dzina la Likuni, pansi pa Ambuye Joseph Fady, ndipo mu 1959 chidakhala dayosizi ya Lilongwe. Tikumbutsa izi kuti ana athu adziwe kuti kale anthu ankanyamuka m'midzi yakutali kudza ku Likuni kudzafuna sukulu ndi mankhwala. Lero mapazi atembenuka: ndi Likuni amene anyamuka m'mawa kunka ku tauni.

Mmene mzinda udatipezera

Kutembenuka kumeneku kudadza pamene boma la Dr. Kamuzu Banda lidasamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba, ndipo mu 1975 Lilongwe adakhala likulu. Pa kalembera wa 1966 anthu a m'tauni ya Lilongwe sadakwane 20,000. Pa kalembera wa 2018 adapezeka pafupifupi 990,000. Khamu lotere silikadatha kukwana m'kati mwa mzinda, chotero lidasefukira kunja. Minda imene idali pakati pa ife ndi tauni idadulidwa nisanduka mapuloti, kwa Chinsapo kudadzala nyumba, ndipo tsopano munthu woyenda pa mseu wa Likuni sadziwa bwino pamene pathera mzinda ndi pamene payambira mudzi wathu.

Anthu ambiri adasankha kukhala kuno chifukwa nyumba ya lendi ipezeka pa mtengo wotsikirapo, ndipo wofuna kumanga akhoza kugula malo. Komanso tauni yakale ili pa mtunda wosafika makilomita 10. Chifukwa chache kusanache kweni-kweni maminibasi ayamba kuitanira, ndipo akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto andanda m'mbali mwa mseu. Apita makalaliki a m'maofesi a ku Capital Hill, anyamata a m'mafakitale a ku Kanengo, amisiri omanga nyumba ndi opala matabwa, ndi amai osenza madengu a ndiwo zamasamba kunka nazo ku msika waukulu. Osowa ndalama ya ulendo ayenda pansi, nakomana panjira ndi alonda obwerera ku nchito ya usiku. Dzuwa likakwera, m'makomo ambiri mutsala nkhalamba, ana, ndi maloko pa zitseko.

Machona a tsiku limodzi

Ulendo wofuna nchito suli wachilendo kwa ife. Chifukwa cha msonkho ndi kusowa kwa ndalama, makolo athu ankapita ku Salisbury, kumene lero kutchedwa Harare, ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ena pansi, ena ndi Wenela. Ankakhalako zaka, ndipo amene sadabwerenso tidawatcha machona. Akulu pano akumbukira chaka cha 1974, pamene ndege yonyamula anthu athu idagwa ku Francistown nipha oposa 70, ndipo boma lidaletsa Wenela kulemba anthu m'dziko muno. Bvuto la masiku aja lidali loonekera, pakuti mudzi wonse unkadziwa nyumba imene ilibe bambo, ndipo atsibweni ndi agogo ankaimirira m'malo mwache.

Bvuto lathu ndi lobisika. Bambo agona m'nyumba mwache usiku uli wonse, amai chimodzimodzi, ndipo palibe anganene kuti adathawa banja. Koma munthu amene achoka ana ali m'tulo, nabwera ana atagona kale, masiku asanu ndi limodzi pa mlungu, kodi asiyana kotani ndi mchona? Sitinena izi modzudzula ai, pakuti tidziwa kuti popanda nchito ya ku tauni miphika yathu ikadakhala yobvundikira. Tinena kuti tiope chinthu chimodzi: kuti Likuni angasanduke chigono chabe, pamene anthu afika ndi mdima nachoka ndi mdima, osadziwa dzina la wokhala kuseri kwa mpanda wao.

Zimene tili nazo

Tiyeni tiwerenge chuma chimene mudzi uno uli nacho. Choyamba ndi chipatala cha Mishoni, chimene chidayamba chaching'ono mu 1940 m'manja mwa asisteri a chipani cha White Sisters, ndipo tsopano chili m'gulu la zipatala za mipingo la CHAM. Amai oyembekezera, ana a ku sikelo ndi odwala ochokera m'midzi yozungulira alandira thandizo pano osayamba akwera galimoto kunka ku mzinda. Pa chipatala chomwechi ndi pamene padachokera dzina la Likuni Phala, ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, umene ulimbitsa matupi a ana onyentchera. Lero phala limeneli liphikidwa m'masukulu ndi m'zipatala m'dziko lonse, ndipo alipo ana ambiri ku Nsanje ndi ku Karonga amene atchula dzina la mudzi wathu m'mawa uli wonse osadziwa kuti ndi malo okhala anthu.

Chachiwiri ndi masukulu: a pulaimale, ndi asekondale awiri otchuka, Likuni Boys ya abale a chipani cha Marist ndi Likuni Girls, kumene kuphunzira ana ochokera m'maboma ambiri. Chachitatu ndi nyumba yosindikiza mabuku ya Likuni Press, imene idatulutsa mabuku ambiri m'chinenero chathu pamodzi ndi nyuzipepala ya Odini, kotero kuti mau ambiri a Chichewa amene agogo athu adayamba kuwaona pa pepala adadindidwa pa mudzi pano. Tili nayonso misika yathu, pano ndi pa Chigwirizano, zigayo, ndi mseu wa tala umene utilumikiza ndi mzinda. Ngakhale madzi amene a m'tauni amwa achokera mbali yathu ino, ku madamu a Kamuzu ku Malingunde, pa mtsinje wa Lilongwe.

Tsono taonani ichi, abale. Zambiri mwa zinthu izi zidayamba anthu akali ochepa ndi osauka kuposa ife. Zidatheka chifukwa padali anthu opezeka pa mudzi usana, oumba njerwa, otunga madzi, otuta mchenga ku mtsinje. Ife tadya zipatso za mitengo imene sitidabzale, ndipo tachuluka kwambiri kuposa iwo. Koma pakaitanidwa msonkhano wokonza mjigo kapena wofolera chipinda cha sukulu, afika okalamba okha-okha, chifukwa amphamvu onse ali ku tauni.

Ndipo kuchulukana kuli ndi mtengo wache: walira mvula walira matope. Pamene padali munda umodzi pali nyumba khumi, ndipo chitsime ndi chimbudzi zayandikana. Sitidaiwale nthenda ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, nichedwetsa kutsegulira masukulu a mu mzinda wa Lilongwe mu Januwale 2023. Nthenda yotere sifunsa ngati munthu ali mbadwa kapena wa lendi. Chimbudzi choipa cha nyumba imodzi chidwalitsa mzere wonse.

Zimene tipempha

Kwa inu eni nyumba, mukalandira wa lendi musathere pa kuwerenga ndalama. Mumperekeze kwa amfumu, mumsonyeze kwa anansi, kuti tsiku limene adzaona zobvuta asadzalire yekha m'nyumba anthu akudutsa pa mseu. Kwa inu obwera, ochokera ku Mzimba, ku Mulanje kapena kwina kuli konse, musati kwathu nkwina, kuno tingogona. Ana anu abadwira pa chipatala chino, ndipo akadzafunsidwa kwao adzati ku Likuni. Fikani pa maliro a mnansi, sonkhani ufa ndi nkhuni monga achitira onse, ndipo gulani ndiwo pa msika wathu kuti ndalama ya ku tauni igone kuno.

Kwa inu mafumu ndi eni mbumba, malo ogulitsidwa sabwerera. Ndalama ya puloti itha chaka chisanathe, koma adzukulu adzafuna pomanga, polima ndi poikidwa. Siyani bwalo losewerera ana, siyani njira pakati pa mipanda kuti galimoto yonyamula wodwala ithe kulowa, ndipo manda asaphwanyidwe malire.

Kwa inu aphunzitsi a katekisimu ndi atsogoleri a miphakati, nchito yanu yakula. Miphakati idakhazikika m'dayosizi ino m'zaka za m'ma 1970, m'nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe, kuti anthu oyandikana nyumba adziwane nathandizane. Ndipo palibe malo amene aisowa koposa mudzi wonga uno. Anthu anu sapezeka usana monga ankapezekera makolo ao, chotero muwayendere madzulo ndi Loweruka, ndipo misonkhano iikidwe pa nthawi imene wa nchito akhoza kufikapo. Mudziwe nyumba zimene ana aswera okha, mupemphe agogo ndi amai otsala pa mudzi kuti aziponyako diso, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndipo kwa ife tonse okwera minibasi m'mawa, tipatule tsiku limodzi pa mwezi la nchito ya mudzi, lokumba ngalande, lokwirira dzala, lokonza pa mjigo. Tipatulenso madzulo ena pa mlungu ofika kunyumba ana akali maso, kuti tidye nao nsima m'mbale imodzi ndi kumva zimene aphunzira. Mzinda udzapitirira kukula, ndipo sitingathe kuubweza. Koma ngati tichita izi, udzatipeza tili mudzi wodziwana, wokhala ndi mafumu ache, chipatala chache ndi masukulu ache osamalika.

Mau athu athera pamenepa.